Amuna Anga Atayamba Kudzandira

Tsiku loyamba kuona amuna anga akudzandira, ndinawanunkhiza mkamwa. Ankachokera kuseri kwa nyumba dzuwa litangolowa, akuyenda tang'atang'a, dzanja likupapasa khoma. Ndinawagwira malaya n'kuwauza kuti apume ndimve. Munthu wangotuluka kumene m'chipatala, mafupa okhaokha, ine ndatha nsapato ndi kumuyendera, lero ayambe kachasu? Anapumira kumaso kwanga osanyinyirika. Fungo la mowa munalibe.

"Mwamvamo chiyani, mayi?" anandifunsa.

"Palibe."

"Ndiye musandiyang'ane choncho. Pansi pakundithawa."

Kwathu ndi ku Makhanga, kumene madzi akafuna kubwera sapempha. Amuna anga anabadwira komweko, ndipo nsomba anayamba kugwira mano a ubwana asanathothoke. Ine ndine wa kumtunda, ndinachita kubwera ndi ukwati. Ndinawaona koyamba ali chilili kumbuyo kwa bwato, nsungwi yaitali yokankhira ili m'manja, m'bwatomo mwadzaza anthu, njinga ndi mbuzi. Tonse tinali titagwira m'mphepete, ena akupemphera chamumtima, koma iwo ankacheza ndi munthu wa m'bwato lina ngati aima pakhonde la kwawo. Sindibisa, ndinakwatiwa ndi kaimidwe kameneko. Nkhope yawo si yoti munthu n'kusiyira makolo ake.

Chifuwa chachikulu chinawagwira kawiri. Ulendo woyamba anamwa mapiritsi n'kuchira. Ulendo wachiwiri chinabwera mokwiya, mpaka kumalavula magazi, ndipo kuchipatala anati mapiritsi okha sakwanira, pafunikanso jakisoni wa tsiku ndi tsiku. Anagonekedwa nthawi yaitali, matako mpaka kuuma ngati chikumba. Jakisoniyo anawapulumutsa, zimenezo sindingakane, chifukwa mwa amene anagona nawo chipinda chimodzi si onse anabwerera kwawo ndi miyendo yawo. Chakumapeto anayamba kudandaula kuti akatembenuka, makoma akugwedezeka. Achipatala atamva anasiya kuwabaya. Ife tinkati ndi kufooka chabe, munthu akadya bwino zitha.

Ndinawadyetsa ndithu. Mazira, nsomba za mphende zonona, phala la mapira lothira nsinjiro, chilichonse chimene anthu ankati chimabwezera magazi. Thupi linabwereradi, masaya anadzaza, chifuwa chinati zii. Koma kudzandira sikunasunthe. Posamba, akangotseka maso kuti sopo asalowe, ankagwa. Tsiku lina anagwera mpanda wa bafa n'kugona nawo pansi, ana a oyandikana nafe akuona. Pamchenga ankayenda ngati akuponda pa thumba la thonje. Kukangoyamba kuda, ngakhale bwalo lathu lomweli linkawakanika kuoloka. Chimene chinkawapweteka kwambiri ndi nkhope za anthu. Akamayenda, zinthu zonse zinkadumphadumpha m'maso mwawo, moti munthu wobwera kutsogolo sankamuzindikira mpaka ataima kaye n'kukhazikika. Anthu anayamba kunena kuti chichokereni kuchipatala sapereka moni.

Kutchalitchi ndiye kunandipsetsa mtima. Mlaliki anati tiimirire, titseke maso, tipemphere. Amuna anga pomvera anatseka, ndipo anagwera benchi la kutsogolo n'kugwetsa nkhalamba ziwiri. Ena anati ndi mowa, ena anati ndi ziwanda, ndipo amayi angapo anali atayamba kale kuwazungulira kuti azitulutse. Ndinawauza kuti amene akhudze amuna anga aona chiwanda chenicheni, ndipo chiwandacho ndi ineyo. Kuyambira pamenepo ankapemphera maso ali tong'o, akuyang'ana msomali wa pakhoma.

Alamu anga, mkulu wawo wa amuna anga, amenenso ndi msodzi, anati m'bale wawo waponda mankhwala padoko. Anapita nawo kwa sing'anga amene anawatema mphini m'mawondo ndi m'zidendene. Sindinaletse. Akanandiuza kuti ndidye mchenga wonse wa padoko kuti amuna anga ayende bwino, ndikanangotenga supuni. Mphini zinapola, kudzandira kuli pomwepo.

Pamapeto pake tinabwerera kuchipatala. Pooloka mtsinje, munthu amene moyo wake wonse ankaolotsa anzake anakhala pansi penipeni pa bwato la wina, pakati pa matumba, atagwira uku ndi uku. Pa kabaza anakumbatira woyendetsa m'chiuno, nkhope ataibisa pamsana pake, chifukwa msewu wonse unkavina. Adokotala amene tinawapeza anali mzimayi wachichepere, wolankhula pang'onopang'ono. Anawaimitsa mapazi pamodzi n'kuwauza kuti atseke maso. Ndikanapanda kuima kumbuyo, akanaswa mutu pasimenti. Kenako adokotalawo anawagwira mutu ndi manja awiri, n'kuwauza kuti aziwayang'ana pamphuno, n'kuupotoza mutuwo mwadzidzidzi uku ndi uku. Maso a amuna anga ankapita limodzi ndi mutu, kenako n'kubwerera kudzafunafuna mphuno ija.

"Vuto si miyendo, bambo," anatero adokotala. "Lili m'makutu."

Ndinaseka, ngakhale sizinali zoseketsa. "Makutu ake ati? Awa amamva ngakhale ndikung'ung'udzira kuseri kwa khitchini."

"Kumva akumva. Koma khutu lili ndi ntchito inanso. Mayi, inu mumachita chiyani?"

"Ndimawamba nsomba n'kumagulitsa."

"Mukamadya mutu wa mphende, simupezamo timiyala toyera?"

Ndani wa kwathu sadziwa timiyala timeneto? Timangotilavula pansi osaganiza n'komwe. Adokotala anati ifenso tili nato mkatikati mwa khutu, kungoti tathu ndi tating'ono kuposa mchenga. Timakhala pamwamba pa titsitsi tosaoneka ndi maso, ndipo munthu akapendekeka, timiyalato timalemerera mbali imodzi, titsitsi n'kuuza mutu kuti pansi ndi uku. Pafupi pake pali timachubu ta madzi timene timamva mutu ukatembenuka, n'kugwira maso kuti asagwedezeke. Jakisoni amene anapha chifuwa uja, mwa anthu ena amaphanso titsitsi timeneto.

"Ndiye aikeni ina miyalayo," ndinatero. "Mawa lomwe ndibwera nayo yodzaza kapu."

"Miyala ilipo, mayi. Chafa ndi chomvera miyalayo, ndipo sichimeranso."

Anatiuza kuti thupi liphunzira kudalira maso ndi mapazi, bola aziyenda tsiku lililonse ndi ndodo, kukuwala, panthaka youma. Anatisonyezanso zoti azichita kunyumba, zoyang'ana malo amodzi uku akutembenuza mutu. Kenako anasiya kuyang'ana ine n'kuyang'ana amuna anga. Anati mdima aupewe, koma chachikulu ndi madzi. M'madzi mapazi alibe poponda, maso saona, ndiye makutu okha ndi amene amauza munthu kumene kuli kumwamba. Bwato ayi, kusambira ayi, ngakhale kumiza mutu posamba ayi.

Amuna anga anagwedeza mutu mwaulemu n'kuthokoza m'chilankhulo chakwawo kuti, "Takhuta, adokotala." Titangotuluka pachipata anandiuza kuti, "Mwana uja ndi wanzeru, koma sanabadwire kumadzi."

Titafika kunyumba ndinaswa mutu wa mphende n'kuchotsamo timiyala tija. Ndinatiika pachikhatho n'kutiyang'ana nthawi yaitali. Nsomba yakufa kale, yowambawamba, ili nato tabwinobwino, pamene ta amuna anga tangokhala m'mutu mwawo topanda wotimvera. Ndinatiponya pamoto ndi mkwiyo, ngati ndito tinandilakwira.

Alamu anga atamva za kuchipatala anapukusa mutu. "Alamu, pamtunda ndi pamene munthu amagwa. M'madzi munaonapo munthu akugwa? Uyu anayamba kusambira asanayambe kuyenda. Msiyeni alowe m'madzi, thupi likumbukira lokha."

Ndinawafotokozera zonse, za timiyala ndi titsitsi tomwe. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kundifunsa ngati ine ndimatha kusambira. Sinditha. Nkhani inathera pomwepo, popeza ndine wa kumtunda, ndiponso mkazi wolowoledwa ndi ng'ombe za banja lawo.

Inali nyengo ya dzuwa lathu lija loti nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Masana ena ndikutsuka nsomba padoko la amayi, ndinaona kupyolera m'bango awiriwo akutsikira kumene amuna amasamba, alamu atagwira m'bale wawo pamkono. Ndi pathamanda pamene madzi amalekeza m'chiuno, pamene ngakhale ana amasewera. Ndinaimirira kuti ndikuwe, koma mkazi sakuwira amuna amene avula. Ndinangoima, nsomba ili m'manja.

Analowa akuseka, kuseka kumene ndinali ndisanakumve chichokereni kuchipatala. Anadzithira madzi pachifuwa ndi pamutu, kenako anachita chimene anakhala akuchita moyo wawo wonse: anawerama n'kumira. Madzi athu ndi amatope, ukamira suona ngakhale dzanja lako. Ndinadikira kuti mutu utuluke. Chinatuluka ndi phazi. Linamenya madzi n'kumira, kenako linatuluka linzake. Alamu anali chiimire akuseka, poganiza kuti m'bale wawo akufufuza mlamba m'matope monga ankachitira kale.

Mmene ndinadutsira bango lija sindikumbukira. Ndimangokumbukira ndili pakati pa amuna osavala, ndikukoka mwendo, ndikutukwana alamu anga ndi mawu amene sindingawalembe pano. Tinawavuulira pamtunda. M'zikhadabo munali matope, kumaso matope, mkamwa matope. Anasanza madzi nthawi yaitali. Atapeza mpweya anandiyang'ana ndi maso a mwana wosochera.

"Mayi, ndimasambira kupita kumwamba," anatero. "Ndimapita kumwamba ndithu, koma ndimangopeza matope."

Ndinaganiza kuti tsopano amva, ndipo anamvadi kwa kanthawi. Anadula ndodo. Ndinajambula kadontho ndi khala pakhoma, ndipo m'mawa uliwonse ankaima n'kumakayang'ana uku akutembenuza mutu, ana athu aakazi awiri akuwaseka kuti bambo akukanira khoma. Akatero ankayenda panjira youma yopita kumsika, tsiku lililonse kuwonjezera pang'ono. Patapita miyezi, masana panthaka yolimba, mlendo sakanadziwa kanthu. Ndinathokoza Mulungu, osadziwa kuti kuchira kwa thekaku ndi kumene kudzandisowetse mtendere. Munthu amene akutha kufika kumsika yekha amayamba kudzifunsa chimene chingamuletse kufika kudambo.

Ndinayesa kuwapatsa ntchito pafupi ndi ine. Ankandithandiza kung'amba nsomba zimene ndinkagula kwa asodzi ena, kusonkha moto ndi kutembenuza pawaya. Ankagwira bwino, osadandaula, koma maso awo sankakhala pamotopo. Tsiku lina anandiperekeza padoko mabwato akubwera. Kwathu msodzi akafika ndi nsomba, asanagulitse amayamba wapatula ya ndiwo n'kupatsa nkhalamba kapena wolumala amene wakhala m'mbali. Amuna anga ankachita zimenezi nthawi zonse, ndipo sankasankha yaing'ono. Tsiku limenelo msodzi wina, amene anaphunzira kuponya ukonde kwa iwo omwe, anasankha mphende yaikulu n'kubwera nayo ndi manja awiri.

"Baba, ya ndiwo iyi."

Analandira, anathokoza. Titafika kunyumba ndinaiphika, koma anati sakumva njala.

Bwato lawo linali pamtunda, pansi pa mtengo wa padoko lathu, litafundikidwa udzu kuti lisang'aluke ndi dzuwa. Anayamba kumapita kukakhala m'menemo. Poyamba ankati akukapitidwa mphepo. Kenako ndinawapeza akumata ming'alu ndi phula. Posakhalitsa miono yakale yotchera nsomba inatuluka m'chisakasa n'kuyamba kukonzedwa.

"Zimenezi ndi za ndani?" ndinawafunsa.

"Ndizipalasa chokhala, ndi nkhafi. Sindiimirira."

"Chokhala mudutsa bwanji namasupuni? Bwato likakodwa mu udzu simuimirira ndi nsungwi? Mono povuula simuwerama? Nanga mvuu ikagwedeza madzi?"

"Mumafunsa maningi, mayi. Mafunso achuluka."

"Ndiyankheni limodzi lokha. Mukagwera m'madzi, kumwamba mukudziwa bwanji?"

Anapitiriza kumanga mono. Patapita nthawi, osadzutsa mutu, anati nsomba ya amuna ena imawakanirira pakhosi. Anati ana athu akadzakula adzanena kuti bambo awo ankagwira ntchito yanji, yopirikitsa ntchentche?

Ndinawamvetsa, ndipo kumvetsako ndi kumene kunkandipweteka. Akanakhala munthu wopusa ndikanangowakalipira n'kugona tulo. Koma ndinkaona kuti pamtunda akufa pang'onopang'ono, pamene pamadzi akafa tsiku limodzi, ndipo ine ndinkayenera kusankha. Ndinasankha kukhala ndi mwamuna wokwiya kusiyana ndi kukaima padoko n'kumadikira amuna akufufuza m'bango ndi nsungwi.

Ndinapita kwa alamu kukagwada, ine yemwe ndinawatukwana uja, kuti atenge bwatolo azikaligwiritsa ntchito kutali. Analitenga. Posapita nthawi linabwerera, chifukwa mwini wake anakaliitanitsa, ndipo alamu anati sangalande mwadiya wa munthu wamoyo. Mwadiya ndi mmene iwo amatchulira bwato. Ndinafunafuna wogula mobisa, koma aliyense ankandifunsa ngati bambo akudziwa. Ndinabisa nkhafi kudimba, anasema ina. Nsungwi ndinaiwaza n'kuwambira nsomba. Ndinatuma akulu a mpingo, anapita, anamwa thobwa langa, n'kubwerako akundilangiza kuti ndiziwalemekeza bambo. Chimodzi chokha chinkandilimbitsa mtima: panalibe msodzi amene akanabwereka bwato lake munthu wodzandira. Njira yawo yopitira pamadzi inali imodzi yokha, ndipo inali pansi pa mtengo paja.

Ndinasiya kupita kumsika kuti ndiziwalondera, koma nsomba yowamba sidikira, ndipo ana sangadye ulonda. Ndikapita, mtima unkatsala kunyumba. Ndinkapatsa wogula nsomba maso ali kunjira, kudikira munthu wobwera akuthamanga. Ndinaonda kuposa mmene iwo anaondera ndi chifuwa. Amayi anzanga ankati ndachepa magazi, n'kumandiuza zakudya zomwe zija ndinkadyetsa amuna anga. Tsiku lina ndili kudimba ndinadzimva ndikupempha Mulungu kuti chifuwa chija chibwerere pang'ono, chongokwanira kuwagoneka pamphasa. Ndinakhala pansi pakati pa mizere ya mbatata n'kulira, chifukwa pemphero lina ndinalibe.

Mvula inayamba kumapiri. Kwathu isanagwe n'komwe, mtsinje unafiira n'kuyamba kukwera, nsomba zinayamba kulowa mu udzu. Nyengo imeneyi msodzi aliyense sakhazikika. Koma amuna anga anafatsa modabwitsa. Anandithandiza kulongedza nsomba m'dengu, ndipo m'mawa mwake anandisenzetsa okha n'kundiuza kuti ndiyende bwino.

Ndinafika padoko lalikulu loolokera ku Bangula n'kukhala m'bwato. Wopalasa, mnzawo wakalekale, anandipatsa moni n'kuti, "Alamu, takondwa kumva kuti bambo achira. Dzulo atumitsa nsungwi yatsopano, akuti lero akatchera miono."

Ndinatsika bwato lisananyamuke. Dengu ndinalisiya momwemo, ndipo amene anadya nsombazo sindimudziwa. Ndinathamanga njira yonse. Kunyumba kunalibe munthu, ndodo yawo panalibe, miono panalibe. Nkhwangwa inali pachitsa pamene ndinaisiya nditawaza nkhuni. Sindinaime kuti ndiganize. Ndinali nditaganiza kale miyezi yonseyo, ndipo zonse zinali zitakanika.

Padoko lathu, pakati pa mtengo uja ndi madzi, pali mchenga wofewa wotalika ndithu. Bwato linali kale m'madzi osaya, alamu atawathandiza kulikankha, nsungwi yatsopano ili mkati. Amuna anga anali pansi pa mtengo, akumanga miono pamodzi. Ndinawadutsa osawayang'ana. Ndinalowa m'bwato, ndinaponya nsungwiyo kunja, ndinaima pakati n'kutema pansi. Bwatolo ndi la mtondo, mtengo wouma zedi, moti nkhwangwa inangodumpha. Ndinatemanso pomwepo, n'kutemanso, mpaka zibanthu zinayamba kuuluka.

Alamu anabwera akuthamanga kuchokera pa bwato lawo. "Alamu, mwapenga? Ine ndikhala pambali pake ndi mwadiya wanga."

"Pathamanda paja munalinso pambali pake."

Anafuna kuyandikira, koma ataona mmene ndagwirira nkhwangwa anaima. Anatsitsa mawu n'kuloza mtsinje. "Madzi akubwera awa, mukuwaona. Akasefukira, ana muwathawitsira pa chiyani?"

Limenelo linandilasa, chifukwa linali loona. Ku Makhanga banja lopanda bwato, madzi akabwera, limakwera mumtengo n'kumadikira chifundo cha ena. Ndinaona nkhope za ana anga, nkhwangwa inalemera. Koma madzi osefukira mwina abwera chaka chino, mwina sabwera. Amuna anga ankapita kudambo lero lomwe, dzuwa lisanafike pamutu. Ndinatemanso.

Ndinamva mawu awo kumbuyo kwanga. Sanakuwe, anangoti, "Mayi, dikirani." Nditacheuka ndinaona ayamba kubwera pamchenga, ndodo ataiiwala pamtengo. Anayenda pang'ono, mchenga unatitimira, anagwa chammbali. Anadzuka n'kuyesa kuthamanga, chinthu chimene sangathe, anagwa chafufumimba. Anthu amene anali atasonkhana anangoti kakasi, palibe anaseka. Thupi langa lonse linkati nditaye nkhwangwa ndikawadzutse. Koma kugwa komweko ndi kumene kunandiuza kuti ndisasiye, chifukwa apa ankagwera pamchenga. Ndinafulatira n'kupitiriza kutema.

Madzi anatulukira pansi pa bwato, poyamba pang'ono, kenako panatseguka bowo loti chibakera n'kulowa. Nthawi imeneyo iwo anali atafika, chokwawa. Analowa m'madzi ndi mawondo, anagwira m'mphepete mwa bwato, anatambasula dzanja n'kutseka bowolo ndi chikhatho. Sanandimenye, sananditukwane. Anangondiyang'ana, mchenga uli kumaso, madzi akutuluka pakati pa zala zawo.

"Ili tinasema ndi bambo anga," anatero.

"Ndikudziwa."

"Bowo limodzi limamatika."

Zimenezonso ndinkadziwa. Ndinasunthira chakumbuyo kwa bwato n'kuyamba kutema pena.

Bwato linadzaza pang'onopang'ono n'kukhala pansi, m'mphepete mokha mukuoneka. Alamu analavula malovu, anati nkhaniyi tikakamba kubanja, n'kuchoka. Enanso anabalalika mmodzimmodzi. Ndinatuluka n'kukhala pamchenga, m'manja muli matuza ophulika. Amuna anga sanasunthe. Anali chigwadire m'madzi ofika m'chiuno, dzanja likadali pabowo loyamba lija, ngakhale panalibenso chotseka.

Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka. Zaka zonse zimene ndakhala nawo, m'chipatala ngakhale pamaliro a makolo awo, ndinali ndisanawaonepo akulira. Anatseka maso. Atangotseka, thupi linayamba kupendekera kutsogolo iwo osadziwa, nkhope ikuyandikira madzi ofiira aja. Ndinataya nkhwangwa n'kuthamangira m'madzimo. Ndinawagwira chibwano ndi manja onse awiri n'kudzutsa mutu wawo.

"Ndisiyeni," anatero.

"Nkhabe. Sindikusiyani."

"Mwandipha kale, mayi. Ndisiyeni."

"Lirani mmene mungathere, bambo, koma mutu ukhale pamwamba."

Analira nthawi yaitali mutu uli m'manja mwanga, magazi a matuza anga akuwadetsa ndevu. Madzi ankakwera pang'onopang'ono m'miyendo mwanga, ndipo sindinawasiye.